Mwendo wa Lachinayi

Akuti bambo anga ali ndi matenda a mu ubongo. Nkhaniyi yayenda mzere wathu wonse wa nyumba za lendi, yalowa mu saluni, yatulukira ku mpopi, yabwerako itanenepa. Ena akuti ndi sitiroko yaing'ono, ija imayambira ku phazi n'kumakwera mwakachetechete. Ena akuti ayi, ndi mowa wobisa, munthu ankamwera pa ntchito. Mayi a Saluni, amene khomo lawo layang'anana ndi lathu, akuti iwo anamva kwa mlamu wa munthu wina wosesa ku koleji kuti makina anawaunika bambo n'kupeza kuti chaka chamawa sachiona. Amazinena zimenezi manja ali m'mutu mwa kasitomala, ine ndikangotulukira, nkhani yasanduka ya mafuta a tsitsi.

Ndiye tangoganizani. Ine dzina langa pamzere pano ndi Wailesi. Anandipatsa ndi amayi anga omwe, akuti ndinayamba kuyankhula ndisanamere mano ndipo batani lozimitsira anaiwala kundiikira. Sukulu ndinasiyira panjira amayi atayamba kudwala, koma pa nkhani za anthu sindinalepherepo mayeso. Amene wamenyedwa, amene wathawa lendi, amene mimba yake siikugwirizana ndi mwezi wa ukwati, zonse zimadutsa mwa ine. Lero nkhani yaikulu kuposa zonse ili m'nyumba mwathu, zoona zake ndikuzidziwa ndine, koma pakamwa panga pasokedwa. Ndikukuuzani inu chifukwa simutunga madzi pa mpopi wathu.

Luso langa lina ndi kutsanzira mayendedwe a anthu. Ndikamuona munthu akudutsa kamodzi, basi, ndamumeza. A landilodi amayenda ngati apanira dzira pakati pa mawondo. Mayi a Saluni amayenda ngati kumbuyo kwakwiyira kutsogolo. Ndikayamba kuwatsanzira pabwalo, anthu amagwira nthiti. Koma bambo anga okha ndinkawalephera, chifukwa mayendedwe awo analibe pogwira. Msana chilili, mapewa ofanana, chidendene pansi, zala pansi, ngati wina wawajambulira mzere. Anzawo ku ntchito ankawatchula kuti a Rula. Anali mlonda wa masana pa geti la koleji ina yophunzitsa za chipatala, wolembedwa ndi kampani ya alonda, ndipo jombo zawo ankazipukuta mpaka ntchentche kutererapo.

Tsopano apa mumvetse bwino, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Amayi ali ndi vuto la impso. Lachinayi lililonse amapita ku chipatala chachikulu kukatsukidwa magazi pa makina, ndipo pobwerako amakhala ngati nsanza yonyowa, ofunika munthu wamphamvu wowakweza ndi kuwatsitsa m'basi. Ine sindingawathe, komanso ndimatsala ndi ana. Bambo anapempha ku kampani kuti Lachinayi azipuma, anawayankha kuti akuba sapuma Lachinayi. Ndiye anachita zimene alonda ambiri amachita, kugwirirana. Mng'ono wawo, bambo anga aang'ono, ankavala yunifolomu ya bambo, baji ya bambo, chipewa n'kuchitsitsira m'maso, n'kukaima pa geti.

Nkhope amafanana ndithu, kungoti bambo aang'ono ndi ofupikirapo, ndipo amatsimphina pang'ono mwendo wamanzere, chikumbutso cha njinga yamoto imene ankanyamulira anthu isanawagwetse. Koma ndani amayang'ana mlonda? Galimoto yaliza hutala, geti latseguka, yadutsa. Alonda anzawo ankadziwa, a Ndevu ndi ena aja, koma nawonso anali ndi Malachinayi awo. Kapitawo, mkulu wa alondawo, ankangofika pa njinga yake, osavula ndi helemeti yomwe, kuwerenga mitu, n'kubwerera. Zaka zinadutsa choncho, palibe chinasowa pa koleji ngakhale tsache.

Kenako kunabwera kapeti.

Tsiku lina bambo anaweruka atanyamula botolo la zakumwa, akumwetulira ngati akwezedwa pa ntchito. Akuti mphunzitsi wina wa pakolejipo, mayi wophunzitsa za mafupa ndi minofu, wayala kapeti yaitali mu kolido, yokhala ndi mawaya opita ku kompyuta. Munthu umavula nsapato, ana a sukulu amakumanga timabokosi m'akakolo, n'kuyenda pa kapetipo kupita ndi kubwera. Kompyuta imajambula mapazi ako onse, kutalika kwa sitepe, mbali imene umalemera, phazi limene limachedwa pansi.

"Ndiye akupezani ndi chiyani?" anafunsa amayi ali chigonere pa mpando.

"Sakuyeza ife, mayi a Wailesi, akuyeza kapetiyo. Akufuna adziwe ngati imanena zoona. Zili ngati sikelo ya mu butchala. Ukaikapo mwala lero, mawa n'kuikaponso mwala womwewo, iyenera kunena zofanana. Ikasintha ndiye kuti sikeloyo ndi yakuba. Ndiye akufuna anthu abwinobwino, osadwala paliponse, tiyende sabata ino, tidzayendenso sabata yamawa."

"Ndiye inu ndinu mwala," ndinatero ine.

"Mwala wosankhika, iwe! Mayi uja anachita kuitana ana ake onse kuti bwerani mudzaone, uku ndiye kuyenda kwa m'buku."

Anaimirira n'kutionetsa, kuchokera pa chitseko kukafika pa kabati, ali ndi masokosi okhaokha, chibwano m'mwamba. Amayi anaseka mpaka kutsokomola. Ndikanadziwa, tsiku limenelo ndikanayang'anitsitsa.

Ulendo wachiwiri unali wa Lachitatu. Lachitatulo magetsi anazima pa koleji ponse, bambo anadikira mpaka kuweruka, palibe anawauza kanthu. Lachinayi anapita ndi amayi ku chipatala monga mwa nthawi zonse. Atangobwerako, nawo bambo aang'ono akulowa m'nyumba, yunifolomu ili pathupi, botolo la zakumwa lili m'manja.

"Achimwene, ntchito yanu ija yayamba kukomatu! Lero atiyendetsa pa kapeti ngati akwati."

Bambo anali akuwamwetsa amayi madzi. Kapu inaima m'malere.

"Wayenda?"

"Nanga ndikanatani? Kamnyamata ka gauni yoyera kabwera pa geti, kakuitana manambala a pa baji. Kaitana yanu. A Ndevu akundiponda phazi kuti pita, ukakana akufunsa zambiri. Koma musade nkhawa, ndinaumitsa mwendowu, ndinayenda ngati msilikali. Palibe anadziwa."

"Mayi uja analipo?"

"Kunali ana okhaokha, maso ali pa kompyuta. Wina anachita kundithokoza, akuti zikomo bambo pobweranso."

Ankanena akuseka, akutsegula botolo ndi mano. Bambo sanaseke. Anangoyang'ana phazi lamanzere la mng'ono wawo, lija limaloza kumbali ngati lili ndi ulendo wakewake.

Loweruka masana, nthawi imene mzere wonse uli panja kuchapa, Kapitawo anaimika njinga yake pakhomo pathu penipeni. Aka kanali koyamba kumuona nkhope: kamunthu konenepa masaya, kaulemu wambiri ngati wogulitsa inshuwalansi. Ndinamupatsa mpando, ine n'kukhala kuseri kwa katani ndi mbale yoti ndizinamizira kupukuta.

"Madala, ine ndabwera ngati mwana wanu," anayamba choncho. "Ana a sukulu aja andipeza. Akuti nambala yanu yawadabwitsa. Anthu onse kapeti yawapeza chimodzimodzi maulendo onse awiri, inu nokha ndiye mwasintha ngati mwagundidwa ndi galimoto. Akuti mwina muonane ndi dokotala msanga. Ndi ana achifundo."

"Makina amalakwitsa, bwana."

"Ndi zomwe ndinanena inenso! Koma alakwitse pa inu nokha? Ndiye ine ndaganiza, ndapeza kuti nkhani zake ndi ziwiri. Kaya mwendo wanu wayamba kudwala, kaya Lachinayi lija mu yunifolomu ya kampani munali munthu wina." Anaseka pang'ono, akupukuta helemeti ndi chikhatho. "Yachiwiriyo sindikufuna n'kuiganiza komwe. Imeneyo ndi ya apolisi, madala. Wovala, wobwereketsa, ndi onse a pa geti amene anaona n'kukhala chete. Koma ikakhala yoyambayo, aaa, matenda saitanidwa. Mu kanyumba ka pa geti muja muli mpando, munthu amangokhala n'kumadina batani. Tikhoza kuona."

Anati Lachiwiri bambo akayendenso pa kapeti, iye adzakhalapo, ndipo abwere ndi wachibale poti wodwala sayenda yekha. Mawu omalizawa anawanena ali kale panja, mokweza, Mayi a Saluni atagwira chipeso m'malere. Mphekesera ija inabadwira pamenepo, ine ndikuona ndi maso.

Tsiku lomwelo bambo aang'ono anabwera ndi akazi awo, mayi aang'ono, mimba ili kutsogolo ngati beseni. Mayi aang'ono anayamba kulira asanakhale n'komwe. Paja nkhani ya ngozi ya njinga ija inathera ku khoti, ndipo akhoti anawachenjeza amuna awowo kuti akadzangopalamulanso kanthu, ndi ndende basi.

"Alamu, mwana uyu abadwe bambo ake ali m'ndende? Ife tinkakuthandizani!"

"Munkathandiza, inde, ndipo Lachinayi lililonse munkadya kuno banja lonse," anatero amayi. Kenako anatembenukira kwa bambo. "Bambo a Wailesi, kayendeni bwinobwino mmene mumayendera. Akafunsa za Lachinayi, mukati makina anapenga."

"Ndikayenda bwino ndiye kuti ndamuyankha Kapitawo," anatero bambo. "Poyamba Rula, pomaliza Rula, nanga pakatipo ndani? Ayamba kuwapanikiza a Ndevu. A Ndevu ana awo ukuwadziwa kuchuluka."

"Nanga anuwa si ana?"

Bambo aang'ono ankangokanda udzudzu umene sunawalume. Ndinkadikira kuti anene kuti achimwene, ndikadzipereka ndekha. Ngakhale mongonamizira, kuti bambo akane. Sananene.

"Chibale ndi fupa, sichiola," bambo anatero pomaliza. "Mpando uja ndi ntchitonso. Wailesi, mawa usapite koyendayenda. Undiphunzitse."

"Ndikuphunzitseni chiyani?"

"Si iwe umatsanzira bambo ako aang'ono kuseri kwa bafa? Ukuganiza kuti sindidziwa?"

Lamulungu masana tinatseka makatani, tebulo tinalikankhira ku khoma, ana tinawathamangitsira panja. Ine ndinati tiike kachitsekerero ka botolo mu jombo, munthu amatsimphina yekha. Bambo anandikumbutsa kuti pa kapeti amavula nsapato. Ndiye panalibe chidule.

"Phazi lamanzere lilozeni kukhomo. Ayi, mwaonjeza, mwakhala ngati bakha. Pang'ono chabe. Eya. Tsopano muziponda ngati pansi pakutentha. Mukaponda, thawanipo msanga, lemerani kumanja. Phewa ligwe."

Anayesa. Thupi linakana. Ankayamba bwino, koma pofika pa kabati msana wawongoka wokha, a Rula abwerera.

"Bambo, mukuyenda ngati munthu amene akunamizira."

"Nanga ndikutani?"

Tinaseka, ngakhale amayi anaseka ku chipinda. Koma pamene dzuwa linkapendeka, kuseka kunatha. Ndinkayenda patsogolo, iwo pambuyo panga, mwanapiye kutsogolera tambala. Thukuta lili chuchuchu. Ndinkawakalipira ngati mwana, gwetsani phewa, ndati gwetsani! Kenako ndinatembenuka n'kuona bambo aang'ono akubwera kuchokera ku chitseko, atavala nkhope ya bambo anga. Linali tsiku loyamba luso langa kundinyansa.

"Ndakhoza?" anafunsa ali wefuwefu.

"Mwakhoza."

"Aphunzitsi abwino," anatero, n'kundisisita m'mutu.

Lolemba m'mawa anatuluka nawo mwendo uja pakhomo. Yunifolomu yositidwa, jombo zikuwala, munthu wake wopendekeka. Azimayi a pa mpopi anasiya ndowa zikusefukira. Wina anati, "Pepanitu bambo, tinamva," bambo n'kuyankha kuti zikomo, ngati alandira mphatso. Ine ndinaima pa zenera ndikuwerenga zolakwa, phewa lakwera, phazi labwerera, mpaka anakhota.

Lachiwiri ndinapita nawo. Kolido yake inali yaitali, yonunkha mankhwala okolopera, mawindo mbali imodzi. Kapeti ija ndinkaiganiza ngati chinthu choopsa, koma inali yotuwa, yopyapyala, ngati yopondapo pa khomo la banki, kungoti yaitali, m'mbali ataimata ndi tepi. Kumapeto kuli tebulo, kompyuta, ndi mayi uja. Anali wochepa thupi, wa magalasi, tsitsi lometa, woyenda mofulumira ngati wasiya mkaka pamoto. Kapitawo anatsamira chitseko, manja m'thumba.

Mayiyo atawaona bambo akubwera, nkhope inagwa.

"Bambo, si inu amene ndinaitanira ana anga kuti adzaone? Chachitika n'chiyani?"

"Mwendo, mayi."

Ana a sukulu awiri anagwada n'kuwamanga timabokosi tija pamwamba pa masokosi. Sokosi lina linali lobooka pa chala chachikulu, ndipo ine ndinachita manyazi ngati kuti vuto lathu lalikulu tsiku limenelo linali sokosi. Bambo anaima poyambira kapeti. Ndinaona msana ukufuna kuwongoka, monga umachitira akaona bwana. Anandiyang'ana. Ine ndinagwetsa phewa langa pang'ono. Iwo anagwetsa lawo, n'kuyamba.

Pa kompyuta pankatuluka mapazi, limodzilimodzi, obiriwira ndi ofiira, ngati munthu wosaoneka akuyenda m'matope. Anapita, anabwera, anapitanso. Kapitawo ankagwedeza mutu ndi chisoni chogula. Kenako foni yake inalira, anatuluka.

Mayi uja anatuma ana ake kuti akatenge madzi akumwa, onse awiri, ngati kapu ndi yolemera. Anatembenuzira kompyuta kwa ife. Panali mizere itatu ya mapazi, wina pamwamba pa unzake.

"Bambo, khalani pansi. Ine za kampani yanu sizikundikhudza, ndikungofuna ndimvetse kapeti yangayi. Uwu ndi ulendo woyamba, uwu ndi wa lero. Mayendedwe ndi osiyana, koma phazi ndi limodzi, lalitali, lowonda. Tsono uwu wa Lachinayi." Analoza ndi cholembera. "Phazi lalifupi, lotambalala. Ana anga anangoona kutsimphina, phazi sanaliyang'ane. Mwendo ukhoza kudwala pa sabata imodzi. Koma phazi la munthu wamkulu silifupika n'kudzatalikanso."

Anagogoda mzere wa Lachinayi uja ndi cholembera.

"Komanso wa Lachinayiyu amatsimphina mofanana sitepe iliyonse, mmene amachitira munthu amene anavulala kalekale. Inu lero sitepe iliyonse ili ndi kutsimphina kwakekwake."

Ine ndinamva ngati andibwezera pepala la mayeso.

"Mwendo ukupweteka, mayi," anatero bambo, maso ali pa sokosi lobooka lija.

"Mukandiuza kuti anali munthu wina, ndingochotsa ulendo wa Lachinayiwo, muyendenso bwinobwino, ndipo ndinena poyera kuti ndinu wathanzi."

"Akakufunsani chifukwa chimene mwauchotsera?"

Mayiyo anavula magalasi. "Sindinganame."

"Ndiye mwendo ukupweteka, mayi."

Anatembenukira kwa ine. "Iwe mtsikana, kunyumba amayenda chonchi?"

Anthu inu, mawu anafika apa, pakhosi. Ine amene sindisunga nkhani ngakhale ya mphaka wa eni. Ndinatsegula pakamwa ndithu. Dzanja la bambo linatera paphewa panga, lolemera, zala zikulowa m'fupa.

"Amayenda chonchi," ndinatero.

Mayi uja anavalanso magalasi ake. Kenako anati kafukufuku wake ndi wa anthu athanzi okhaokha, munthu akanena yekha kuti akumva kupweteka ayenera kumuchotsa, ndipo iye sauza aliyense china choposa pamenepo. Anagwada n'kuwamasula yekha timabokosi tija. Botolo la zakumwa anatipatsabe. Kapitawo atabwerera anafunsa kuti zili bwanji, mayiyo anati za anthu ake sakambirana ndi mabwana awo. Kapitawo anati palibe vuto, maso ali nawo.

Popita ku geti bambo anandipatsa botolo lija kuti imwa, wagwira ntchito. Ndinakalithira m'ngalande.

Mpando wa mu kanyumba uja bambo anaukhalira mpaka kutha kwa mwezi. Kenako anawaitana ku ofesi, akuti kampani ya alonda si chipatala, kapumeni, mukachira mudzatiuze. Yunifolomu, baji, chipewa, jombo zija ntchentche zinkatererapo, zonse anasiya konko, anabwera kunyumba ndi masilipasi obwereka kwa a Ndevu. Pa mpando paja pano pakhala mlamu wake wa Kapitawo, mnyamata wa miyendo iwiri yabwinobwino. Ndiye muone kuti munthu uja pobwera kwathu Loweruka lija anali atatchera kale mbali zonse. Kaya bambo ayende mowongoka, kaya atsimphine, malo apezeka basi.

Bambo anati tidikire, pakapita nthawi ndidzati ndachira. Koma kuchira kumafuna poyambira. Kapitawo amadutsa mumsewu wathu popita kwawo. Mzere wonse unali utawaona akutsimphina, ndipo wodwala mu ubongo sangadzuke m'mawa wina n'kuyamba kuguba. Ndiye ankatsimphina popita ku mpopi, ku golosale, pokweza amayi basi Lachinayi. Atapita ku makampani ena a alonda, ankawabweza asanapereke ndi moni yemwe. Kumene anayesa kulowa mowongoka, mbiri inali itafika kale, paja akapitawo amamwera limodzi. Ine pano ndimachapira anthu zovala, amayi amangoyang'ana kudenga.

Tsiku lina m'mawa ndikusesa, ndinawaona akuchokera ku chipinda kupita pa kabati. Makatani otseka, chitseko chotseka, ana ali kusukulu. Phazi lamanzere likuloza kukhomo, phewa lili pansi.

"Bambo, muno mulibe anthu."

"Ndikudziwa."

"Ndiye wongokani."

Anaima, anakoka mpweya, anakweza mapewa. Anaponda kawiri katatu ngati kale, kenako nkhope inakwinyika, dzanja linapita m'chiuno.

"Chiunochi chayamba kundipweteka zenizeni," anatero motsitsa, kuti amayi asamve. "Usadandaule. Chizolowezi chabe."

Bambo aang'ono anasamukira kutsidya kwa tawuni mwana atabadwa. Anapeza ntchito yotsuka magalimoto, akuti amatanganidwa, Lachinayi saonekanso. Mayi aang'ono okha ndiwo amabwera, osati kwathu, koma ku saluni. Ndinawamva ndi makutu angawa, mutu uli m'manja mwa Mayi a Saluni, mwana ali pamiyendo: "Ifenso tili ndi mantha, mwina ndi za kumtundu. Alamu aja anayamba kalekale kusintha, kungoti ankabisa." Chibale ndi fupa, eti? Fupa lake agalu anathawa nalo.

A Ndevu anadzatiuza kuti kafukufuku uja anatha bwino. Mu kolido muja apachikamo chipepala chachikulu cha zithunzi za mapazi, akuti apeza kuti kapetiyo ndi yodalirika, munthu yemweyo imamupeza chimodzimodzi ulendo uliwonse. Ine sindikutsutsa. Zaka zonse zija madokotala, aphunzitsi, mabwana a magalimoto akuluakulu ankadutsa pa geti, palibe ndi mmodzi yemwe anaona kuti Lachinayi pamaima munthu wina. Kapeti inaona tsiku limodzi lokha. Pa koleji yonse ija, chinthu chokhacho chimene chinawayang'anitsitsa bambo anga ndi chopondapo.

Dzulo ndinkadutsa pa saluni ndi ndowa, mkati muli azimayi tho. Mayi a Saluni anandikodola.

"Wailesi, wasowatu masiku ano, mabatire atha? Tabwera utiseketse. Tationetsa mmene akuyendera a Rula."

Onse anaseka, ena akubisa kukamwa. Mayi aang'ono analinso momwemo, maso ali pa foni. Ndinatula ndowa. Nkhani yonse inali pa lilime, yakupsa, ndi mawu a Kapitawo, ndi phazi lalifupi lotambalala, ndipo ndikudziwa kuti ndikanaiyamba palibe akanaphethira mpaka nditamaliza. Pofika madzulo mzere wonse ukanadziwa kuti bambo anga alibe matenda a mu ubongo, si chidakwa, sakufa chaka chamawa. Pofika mawa lake Kapitawo akanamva. Bambo aang'ono ku ndende, a Ndevu ndi ana awo pamsewu, ntchito ya bambo osabwerera, chiuno chawo chapita pachabe.

Kumbuyo kwanga ndinamva masilipasi akuchokera ku golosale, phwa, khwee, phwa, khwee. Sindinatembenuke. Mayendedwe amenewo ndinaphunzitsa ndine.

Ndinasenza ndowa yanga n'kumapita. Koma mawa ndidzadutsanso pomwepo, ndipo adzandiitananso. Inuyo, mukanakhala ndi pakamwa ngati panga, mukanapirira mpaka liti?